Kufufuza dzina lachifalansa pa foni: mmene tinapezera kuti Gilime ndi ndani

Amalume anga anabadwira ku Mchinji ndipo pulayimale yawo yonse anaphunzira pa mishoni ya Guilleme, pomwe aliyense kumeneko amangoti pa Gilime. Pano anapuma ntchito, akukhala konkuno ku Salima chakuseri kwa Kamuzu Road. Tsiku lina madzulo, kutentha kuja kwa mu Okutobala koti ngakhale mphepo yochokera ku Senga Bay imafika itapsa kale, tinakhala pakhonde tikudya mango, iwo nkundifunsa kuti, "Iwe mphwanga, paja umakhalira kutokosa foniyo, tandiuza, Gilime amatanthauza chani? Zaka zonsezi ine ndimayesa ndi mawu akwathu, mwina za kulimalima, poti kumene kuja nkwa alimi." Funsoli linandigwira mtima, munthu waphunzira pamalo zaka zonsezo, wabatizidwira pompo, koma dzina la malowo palibe anamuuzapo gwero lake. Ndiye tinayamba kufufuza, ndipo njira yomwe tinatsata ndi imene ndikulemba apa chifukwa imagwira pa dzina lililonse lachifalansa, makamaka losowa, kaya mwaliona pa chiliza ku mishoni, pa kadi ya ubatizo ya agogo, kaya ndi la mlamu wanu amene wakwatira mchemwali wanu kunjako.

Choyamba kwenikweni, musathamangire kufunsa tanthauzo. Yambani mwapeza kalembedwe kake kenikeni. Ife Amalawi dzina lachilendo timalikonza kuti likwane pakamwa pathu, ndipo palibe cholakwika, koma mukalemba Gilime pa Google simupeza kanthu ka phindu. Pa zikwangwani ku Mchinji mupeza Guilleme, pena Guillime, pomwe mwiniwake ankalemba Guillemé, ndi kamzere kopendekera pamwamba pa e womaliza. Kamzereko si kokongoletsa ayi, ndi kamene kamauza Mfalansa kuti e ameneyo atchulidwe, popanda iko e wakumapeto amangomezedwa. Pa foni kuti mulembe é ingodinani e osachotsa chala, patuluka timalemba tingapo musankhepo. Komanso "ill" pa dzinali amamveka ngati y, ndiye kwawoko limamveka chapafupi ndi Giyeme, osati Gilime. Kalembedwe kolondola mukapeze pa chinthu cholembedwa kale ndi anthu amene ankamudziwa munthuyo, monga mwala wa pamanda, buku la ubatizo ku parishi, kapena siginecha pa kalata yakale. Jambulani chithunzi, musadalire kukumbukira.

Chachiwiri, dzinalo limangirireni pa munthu mmodzi, chaka chimodzi ndi mudzi umodzi. Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndikanati ndisankhe langizo limodzi lokha ndikanasankha ili. Dzina lopanda mudzi ku France lili ngati kufika pa depoti ya Salima nkumafunsa kuti a Phiri amakhala kuti. Kwa ife munthuyo anali Mathurin Guillemé, wansembe wa chipani cha White Fathers, chipani chomwe anayambitsa Kadinala Charles Lavigerie mu 1868. Anabadwa mu 1859 pamudzi wa Sainte-Marie pafupi ndi tauni ya Redon, m'chigawo cha Bretagne chakumadzulo kwa France. Anayamba wagwira ntchito m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, kenako mu 1911 anakhala episkopi wa dera la Nyasa kulowa m'malo mwa Joseph Dupont uja ankamutcha Moto Moto, ndipo anamwalira mu 1942 ku Likuni. Mishoni ya ku Mchinji ija inatchulidwa pokumbukira iyeyu. Amalume atamva kuti munthuyo anatsirizikira pa Likuni pompa, pomwe akhala akudutsa kambirimbiri, anangoti "Ha!" nkukhala chete kanthawi ndithu.

Mukakhala ndi munthu ndi mudzi, tsopano funsani kuti dzinali ndi la mtundu wanji. Maina a mabanja ku France anayamba kukhazikika cha m'ma 1100 mpaka 1300, anthu atachuluka m'midzi moti a Jean ndi a Pierre anali mbwee, ndiye panafunika kowonjezera kowasiyanitsa, ndipo kowonjezerako kanayamba kutsikira kwa ana. Pafupifupi onse amagwa m'magulu anayi. Alipo ochokera ku dzina la ubatizo la kholo, monga Martin, Bernard, Thomas, Robert, chimodzimodzi mmene kuno wina amakhalira Yohane Petulo chifukwa Petulo anali bambo kapena agogo ake. Alipo a ntchito, Boulanger wophika buledi, Meunier wa pachigayo, Lefebvre wosula zitsulo, ndi Boucher wogulitsa nyama, eya dzina lomwelo la Bambo Claude Boucher Chisale a ku Mua amene anayambitsa Kungoni mu 1976, ngakhale iwowo anachokera ku Canada osati ku France. Alipo a malo, Dupont wa pa mlatho, Dubois wa kunkhalango, Dumont wa kuphiri, moti Dumont ndi Phiri tingoti ndi amodzi pa tanthauzo. Omaliza ndi maina ocheza aja anthu amakupatsa poona maonekedwe, Petit wamfupi, Legrand wamtali, Roux wa tsitsi lofiira.

Guillemé ali m'gulu loyambalo. Muzu wake ndi Guillaume, dzina la ubatizo lomwe linali lofala zedi nthawi imeneyo, ndipo Guillaume naye anachokera ku dzina la Chijeremani chakale la mawu awiri, wil kutanthauza chifuniro kapena kutsimikiza mtima, ndi helm chipewa chachitsulo chovala ku nkhondo, kunena kuti chitetezo. Afalansa akatenga mawu a Chijeremani oyamba ndi W ankawasandutsa Gu, koma chakumpoto kwa dzikolo W uja anatsala, nchifukwa chake kumeneko mupezako a Willaume, ndipo Angerezi anatengera komweko William wawo. Mfumu ija inalanda England mu 1066, imene Angerezi amati William, kwawo ku France amati Guillaume le Conquérant. Ndiye taonani kuzungulira kwake, Gilime wa ku Mchinji ndi Wiliyamu amene tonse tili naye m'mudzi ndi dzina limodzi lomwelo. Amalume mwana wawo wachiwiri ndi Wiliyamu, ndiye pamenepa anaseka mpaka kupukuta misozi, akuti kodi ndinatcha mwana dzina la sukulu yanga osadziwa.

Timapeto ta dzina musatinyoze. Afalansa akale ankachepetsa dzina powonjezera -et, -ot, -in, -eau kumapeto, ngati mmene ife timayikira ka- kutsogolo kuti kaWiliyamu. Kuchokera kwa Guillaume yekhayo kunabadwa Guillemet, Guillemin, Guillemot, Guillot, Guillou ndi ena ambiri. Guillemet ndi Guillemé amamveka pafupifupi chimodzimodzi pakamwa chifukwa t womalizayo satchulidwa, ndiye mukamasaka lembani pa pepala makalembedwe onse otheka muziwayesa limodzilimodzi. Kale anthu ambiri sankadziwa kulemba, wansembe ankalemba mmene wamvera, moti abale a bere limodzi amatha kulembedwa mosiyana m'buku limodzi lomwelo. Ifenso tikuzidziwa izi, ndi angati amene dzina la pa chitupa cha dziko likusiyana ndi la pa satifiketi ya fomu 4 chifukwa wolembayo anamva zake? Lamulo loti munthu asamasinthe dzina lomwe analembedwa pobadwa linabwera mu 1794, koma makalembedwe anadzakhazikika bwino cha m'ma 1870 pamene banja lililonse linayamba kupatsidwa kabuku kake kotchedwa livret de famille.

Dzina limaululanso chigawo. Loyamba ndi Ker- kapena lothera -ec ngati Kermarrec, limenelo ndi la ku Bretagne, komwe ali ndi chiyankhulo chawochawo. La Etche- ngati Etcheverry, kutanthauza nyumba yatsopano, ndi la anthu a Basque kumalire ndi Spain. Lothera -az kapena -oz ndi la kumapiri a Savoie. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ine ndi cha wosula zitsulo uja, kumpoto ndi Lefebvre, kumwera ndi Faure kapena Fabre, ku Bretagne ndi Le Goff, ku Alsace ndi Schmitt, ntchito imodzi maina asanu malinga ndi chiyankhulo cha deralo. Ndiye dzina likakukanikani mu Chifalansa cha m'kalasi musataye mtima, mwina silachifalansa chenicheni koma la chiyankhulo china cha m'dziko momwemo.

Tanthauzo mukalitsimikize kwa akatswiri. Mabuku awiri amene aliyense amatsamira ndi dikishonale ya maina ya Albert Dauzat ya mu 1951 ndi ya Marie-Thérèse Morlet ya mu 1991. Kuno kuwapeza nkovuta, koma pa Geneanet, tsamba la pa intaneti la ofufuza mbiri za mabanja, pali gawo la gwero la maina lomwe maziko ake ndi ntchito ya Jean Tosti, ndipo ndi laulere. Mumalemba dzina, limakupatsani ndime yaifupi mu Chifalansa, inu kopani nkuika mu Google Translate. Koma chenjezo, makina omasulirawo amakonda kumasulira ndi dzina lomwe, Boulanger angakusandutsireni wophika buledi pakati pa chiganizo nkusokoneza zonse, ndiye muziyang'ana mawu oyambirirawo pambali. Masamba ena amene amakulonjezani chishango cha banja ndi mbiri ya ufumu mukalipira madola, amenewo asiyeni, nkhani yawo imakhala imodzimodzi pa dzina lililonse, angosintha mutu.

Tsopano za kuchuluka, kuti dzinali ndi losowa motani. Apa France ili ndi mwayi womwe maiko ambiri alibe. Ofesi yawo ya kalembera, INSEE, inasonkhanitsa maina a ana obadwa kuyambira 1891 mpaka 2000 boma ndi boma, ndipo tsamba la Geopatronyme limaonetsa ziwerengero zotere pa mapu, zogawidwa m'zigawo zinayi za zaka, 1891 mpaka 1915, 1916 mpaka 1940, 1941 mpaka 1965, ndi 1966 mpaka 1990. Inu yang'anani kwambiri mapu oyambawo, a 1891 mpaka 1915, chifukwa nthawi imeneyo anthu ambiri anali asanasamukire m'mizinda, ndiye pomwe pathimbirira mtundu pa mapupo nthawi zambiri ndi pomwe pali chitsa cha banja. Mapu a zaka zaposachedwa amakunamizani, mupeza dzina lili ku Paris, koma Paris ali ngati Lilongwe, aliyense ali kumeneko koma ndi ochepa amene kwawo nkomweko. Maboma awo, amene amati département, ali ndi manambala, ndiye muwadziwe a dera lanu. Ife tinkayang'ana 35 yemwe ndi Ille-et-Vilaine komwe kuli Redon, ndi oyandikana naye 56 Morbihan ndi 44 Loire-Atlantique, pakuti Redon ali pamphambano pa maboma atatuwa.

Kuti nambala imene mwapezayo ikhale ndi tanthauzo, iyerekezeni ndi ina. Martin, dzina lofala kuposa onse ku France, lili ndi ana obadwa oposa 200,000 m'zaka 100 zimenezo. Koma dzikolo lili ndi maina a mabanja oposa 1 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ndi a anthu ochepa chabe, kotero kukhala ndi dzina losowa kumeneko si chachilendo. Guillemé mukamuika pambali pa abale ake Guillemin ndi Guillemet ndi wamng'ono kutalitali. Kumbukiraninso kuti nambalazo ndi za obadwa, osati za amoyo lero, ndiponso kuti fayilo ya INSEE yomwe aliyense angathe kutsitsa imangotenga maina amene anapezeka kosachepera ka 30, ndiye dzina likasowamo sikuti kulibe ayi, langochepetsetsa. Palinso kaundula wa omwalira kuyambira 1970 yemwe mungasake mwaulere pa tsamba la matchID, amaonetsa malo obadwira a munthu aliyense, ndipo mukawerenga mayina 20 kapena 30 muyamba kuona midzi yomweyomweyo ikubwerezabwereza. Kusowa kwa dzina nkwabwino kwa wofufuza, a Martin sangathe kulondola onse, koma dzina laling'ono mumatha kulitsata mpaka pa tchalitchi chimodzi.

Gawo lokoma kwambiri, komanso lodya bandulo kwambiri, ndi mabuku akale enieniwo. Mu 1539 mfumu François I inalamula, mu lamulo la Villers-Cotterêts, kuti ansembe azilemba maubatizo m'kaundula, ndipo mu 1792, nthawi imene Afalansa anaukira ufumu wawo, ntchito yolemba obadwa, okwatira ndi omwalira inachoka m'manja mwa mpingo nkupita ku maofesi a makhonsolo a midzi. Mabuku amenewa pafupifupi boma lililonse linawajambula nkuwaika pa intaneti mwaulere. Lembani pa Google mawu oti archives départementales nkuwonjezera dzina la boma, mukalowa sankhani état civil, kenako mudzi, kenako chaka. Musayambe nkutsegula tsamba ndi tsamba, yambani ndi tables décennales, umene ndi mndandanda wa maina wa zaka khumikhumi, mukapeza dzina ndi deti ndiye mupite ku buku la chakacho. Mawu ofunika ndi ochepa, naissance kubadwa, mariage ukwati, décès imfa, baptême ubatizo, fils de mwana wamwamuna wa, fille de mwana wamkazi wa. Chikalata cha ukwati ndiye chonona, chimatchula makolo a mbali zonse ziwiri, ntchito zawo ndi midzi yawo, ndiye chimodzi chokha chimakukwezani m'badwo wathunthu. Chinanso chothandiza, mkazi m'zikalata za boma ku France amalembedwa ndi dzina lake lobadwa nalo mpaka imfa, ndiye mbali ya kuchikazi siitayika, zomwe kwa ife a mbumba ya kwa mayi zimamveka bwino.

Zithunzi zimenezi ndi zolemera, pa foni yaing'ono ndi netiweki yamadzulo muvutika. Ife tinkadzuka mmamawa dzuwa lisanatuluke, netiweki ikadali yopepuka, amalume atavala magalasi awo omanga ndi ulusi mbali imodzi, ine ndikukuza chithunzi ndi zala ziwiri, iwo akutchula lembo limodzilimodzi poti zolemba zopendekera za ansembe anazizolowera ali mwana pomwe ine zimangondionekera ngati mapazi a nkhuku. Ngati muli ndi wachikulire wophunzira ku mishoni mutengeni, maso ake pa zolemba zakale aposa anu. Tsamba lililonse lofunika jambulani sikirinishoti ndipo mulembe m'kope mudzi, chaka ndi nambala ya tsamba, apo ayi mawa mudzayambiranso pachiyambi. Mukafika zaka za 1793 mpaka 1805 musadabwe kuona miyezi yachilendo ngati Brumaire kapena Germinal ndi zaka zolembedwa an II, an VII, imeneyo inali kalendala ya nthawi ya kuukira, pa intaneti pali zosinthira madeti ake. Ndipo ngati munthu wanu ndi wa mu Paris mwenimweni, dziwani kuti zikalata zambiri zakale za mzindawo zinapsa pa moto wa mu 1871, zomwe zilipo ndi zokonzanso pambuyo pake ndipo zili ndi mipata. Za obadwa posachedwa sizikhala pa intaneti, kawirikawiri amaika zopitirira zaka 100.

Pali msampha wina womwe ife a kuno tiyenera kuudziwa kuposa ena. Si dzina lililonse lachifalansa m'Malawi muno linachokera ku France mwachindunji. Mu 1685 mfumu Louis XIV inathetsa lamulo la Nantes lomwe linkateteza Apulotesitanti, ambiri anathawa, ndipo kagulu kena kanafika ku Cape cha mu 1688 nkukhazikika kudera lomwe lero ndi Franschhoek. Zidzukulu zawo ndi a Du Toit, Du Plessis, De Villiers, Le Roux, Marais, Joubert, Retief, ndipo zinasanduka Maburu olankhula Afrikaans. Mishoni ya Dutch Reformed itayamba pa Mvera pompa mu 1889, kenako Nkhoma mu 1896, maina otere anabwera nawo kuchokera ku South Africa. Ndiye mukaona dzina lotere m'mbiri ya CCAP ya Nkhoma Sinodi, kufufuza kuyambire ku Cape, France abwere pambuyo, ndipo kalembedwe kangakhale katasinthiratu, Viljoen poyamba anali Villion, ndipo Giliomee ndi Guillaume wathu yemwe uja atavala malaya a Chiburu. Chimodzimodzi ansembe ndi masisitere ambiri a maina achifalansa anali a ku Québec ku Canada, ena a ku Belgium, ndipo masiku ano tili ndi abale ochokera ku Congo, Rwanda ndi Burundi amene dzina lachifalansa limakhala la ubatizo chabe osati la banja. Funsani kaye kuti munthuyo anakwerera kuti ulendo wake musanatsegule mapu a France.

Pomaliza mungafune kulankhula ndi anthu a dzinalo amene alipo lero. Wansembe sasiya ana, ndiye a Guillemé amene mungawapeze ndi zidzukulu za abale ake kapena a nthambi ina. Pa Geneanet anthu amaika mitengo ya mabanja awo ndipo mutha kuwalembera uthenga, koma lembani mwaulemu ndi mwachidule, nenani kuti ndinu ndani, muli ku Malawi, dzinalo munalipeza pati, ndipo tumizani chithunzi cha chikwangwani kapena tchalitchi. Musapemphe kanthu kena, ndipo wina akakulemberani za chuma cha masiye chomwe chikudikira inu mukatumiza kandalama, dziwani kuti ndi wakuba. Zimene mwapeza pa mtengo wa munthu wina muzitsimikize nokha m'buku la mudzi, anthu amakoperana zolakwika.

Amalume pano ali ndi kope la masamba 40 lomwe analemba pachikuto kuti GILIME, mkati muli Guillaume, wil ndi helm, Sainte-Marie, Redon, 1859, 1911, 1942, ndi kamapu ka Bretagne komwe anajambula okha ndi bolopeni. Akuti mwezi wamawa akalandira penshoni tikwere minibasi ya ku Lilongwe mmamawa, tikatsikire ku Likuni, akufuna akafunse ku parishi za manda a episkopiyo kuti akaone ndi maso awo ngati pamwalapo analemba e wa kamzere uja.